PhD yatha: zikomo nonse amene munandigwira mkono

Abale, anzanga ndi ophunzira anga akale ndi atsopano, nkhani ija yatheka. Oyesa kafukufuku wanga avomereza, zimene anati ndikonze ndakonza, ndipo yunivesite ya ku South Africa kumene ndinalembetsa mu 2020 yandidziwitsa kuti digiri ya PhD ndapata. Ndayamba ndi kuthokoza Mulungu. Tsopano ndithokoze anthu, ngakhale mayina sinditchula, chifukwa pachikuto cha bukulo pali dzina langa lokha pomwe ntchitoyi inadutsa m'manja ambiri.

Ena mwakhala mukufunsa kuti kodi AI (luso lopangitsa kompyuta kuphunzira ndi kuzindikira zinthu ngati munthu) imene ndimaphunzirayi ndi yotani. Mukukumbukira mbozi zija zinalowa m'chimanga mpaka boma kulengeza mu December 2017 kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi? Kafukufuku wanga anali wophunzitsa kompyuta kuti iziona chithunzi cha chimanga chojambulidwa ndi foni wamba n'kunena ngati mbozizo zalowa ndi kuti zawononga motani. Kompyuta siiuzidwa malamulo. Imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zimene munthu walemba kale kuti ichi n'chodyedwa, ichi n'chabwino, mpaka iyambe kusiyanitsa yokha. Vuto lili pa zithunzizo. Mu 2016 akatswiri ena anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi zoposa 54,000 za m'nkhokwe ya zithunzi za matenda a mbewu yotchedwa PlantVillage, masamba othyoledwa n'kujambulidwa pamalo oyera bwino, ndipo inkalondola pa zithunzi 99 mwa 100 zilizonse. Ataiyesa ndi zithunzi zojambulidwa kwina, inatsika kufika pa 31. Munda wa kwathu mumakhala udzu, nyemba ndi maungu m'mizere yomweyo, dzuwa likuwomba mwa kufuna kwake. Zithunzi zake tinayenera kukajambula tokha.

N'chifukwa chake oyamba kuwathokoza ndi alimi a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene munatilola kupondaponda m'minda mwanu, ndi alangizi a zaulimi amene munkatiperekeza mpaka kumene galimoto silifika. Mayi wina anatenga foni yanga n'kuiloza m'kati mwa nsonga ya chimanga, nati mbozi imabisala mmenemo ndipo chizindikiro chake ndi ndowe zonga utuchi, ife tikungojambula masamba akunja. Mutu wachinayi wa buku langa unachokera pamenepo. Amayi, zikomo kwambiri.

Nthawi yonseyi ntchito yophunzitsa sindinaisiye, ndipo anthu ambiri amandimvera chisoni pa chimenechi. Kutopa kunalipo, sindikana. Masana kalasi ya chaka choyamba yodzaza mpaka ena kuima pakhomo, madzulo kuchonga, usiku kudikira kompyuta imalize kuphunzira. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19 tinkaphunzitsa pa WhatsApp ndi pa Zoom, ophunzira ena akukwera chulu kuti apeze netiweki. Koma ndikayang'ana m'mbuyo, kalasi ndiyo inandipanga kukhala wofufuza. Chinthu ukhoza kumachilemba bwinobwino mu pepala usakuchimvetsa, koma sungachifotokozere mwana wa zaka 19 amene sachita manyazi kufunsa kuti "Madamu, nanga kompyutayo ikalakwitsa mlimi n'kugula mankhwala pachabe, wolakwa ndani?" Funso limeneli linandichititsa kusintha pulogalamu yonse kuti ikakayika izinena kuti yakayika, mlimi aitane alangizi. Oyesa anga anayamikira gawo limenelo kuposa ena onse.

Ophunzira anga a chaka chachinayi, amene munkakhala mu labu Loweruka kulemba zithunzi chimodzichimodzi, malipiro ake akumakhala fanta ndi mabanzi basi, mayina anu ali m'tsamba lothokoza ndipo ena mwa inu muli pa mapepala amene tinasindikiza. Munayenera kutero. Ndimadana nawo mchitidwe woti mphunzitsi adye thukuta la ophunzira dzina lawo osaoneka paliponse. Ndipo inu amene munayamba kundibweretsera ma assignment olembedwa ndi ChatGPT, pulogalamu ya AI yolemba nkhani, itangotuluka kumapeto kwa 2022, poganiza kuti munthu wofufuza za AI sazindikira, ndakukhululukirani, koma mayeso ofunsana pamaso aja sadzatha.

Pali anthu awiri mu dipatimenti yathu amene ndilibe mawu okwanira owathokozera. Wina anatenga makalasi anga awiri semesita yonse pamene ndinapita kukakhala pafupi ndi Pulofesa wondiyang'anira. Winayo ankachonga theka la mayeso anga pamene ndinkalemba mitu yomaliza. Ntchito yotere siiwerengedwa pokweza munthu paudindo, ndalama yake palibe, ndipo amene amaigwira nthawi zambiri PhD yawo imachedwa. Akuluakulu a mayunivesite athu, mukamawerenga madokotala atsopano muziwerenganso anthu amenewa. Achimwene, chaka chamawa makalasi anu ndi anga, pitani mukamalize yanu.

Pulofesa, munandiphunzitsa kudula. Ndinkabwera ndi mafunso asanu, inu n'kunena kuti limodzi lakwana. Munandipezeranso malo pa makompyuta amphamvu a CHPC, malo a makompyuta a kafukufuku ku Cape Town, pamene laputopu yanga inkatentha ngati mbaula, makamaka namondwe wotchedwa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumabwera pakati pa usiku. Anzanga amene tinadziwana kudzera mu Deep Learning Indaba, msonkhano wa ofufuza za AI a mu Africa, ochokera ku Uganda, Kenya ndi Ghana, munkayankha mafunso anga pa nthawi imene munthu wanzeru amakhala atagona.

Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, fizi yolipira m'marandi inangotsala pang'ono kundigonjetsa. Mlongo wanga wa ku Johannesburg analipira chaka chimenecho osandiuza, ndinangoona risiti. Amayi a ku banki mkhonde, ngongole ija ndamaliza kubweza.

Bambo a kunyumba, munaphika, munachapa, munapita ku misonkhano ya makolo kusukulu ya ana, ndipo anthu atayamba kulankhula simunabweretse mawu awo m'nyumba. Ana anga, amayi abwerera. Amayi anga ondibereka, amene munasiyira sukulu Sitandade 4 koma munkafunsa sabata iliyonse ngati "kompyuta yaphunzira", zovala za mwambo mudzazionera pafupi, tikiti yanu ndagula kale.

Zithunzi zonse, titachotsa chilichonse chozindikiritsa munthu kapena munda wake, tiziika poyera kuti wofufuza aliyense azigwiritse ntchito kwaulere. Pulogalamu ya pafoni tiiyesanso ndi alangizi omwe aja chimanga chikamera dzinja lino, ndipo ophunzira amene mukufuna kupita nawo kumunda mundipeze ku ofesi Lachiwiri masana.