Mbuna ya mawangamawanga ija siyodwala ayi

Abale, aliyense amene anapitako ku Cape Maclear nkukwera boti mpaka pa chilumba cha Thumbi akudziwa mmene mbuna, tinsomba ta mmiyala tija, zimaunjikirana ukangoponya kabuledi mmadzi, zambiri zabuluu za mizere yakuda yotsika. Koma ukayang'anitsitsa pamakhala ina yosiyana, thupi lake la mtundu wa lalanje kapena lotuwirako, mawanga akuda ali balalabalala ngati wina waiwaza inki. Ndimamva anthu akuti yadwala imeneyo, ena amati ndi mtundu wina, ndipo zimandiwawa ndithu chifukwa nsomba imeneyi ili bwinobwino.

Oweta nsomba amaitchula OB, chidule cha orange blotch, kutanthauza ya lalanje ya mawanga. Ndi mtundu womwewo wa zabuluu zija, Metriaclima zebra, kungoti pafupifupi zonse za mawanga chonchi zimakhala zazikazi. Zimapezekanso mwa mitundu ina ya mbuna, Labeotropheus ndi Tropheops. Ndiye ine ndimati osathamangira mtundu wa khungu, yambani mwaona kamwa. Labeotropheus ili ndi kamphuno konenepa kolendewera ndipo kamwa lili pansi, imapala ndere pamwala, pomwe zebra kamwa lake lili kutsogolo, milomo yokhuthala. Mawanga akhoza kufanana koma kamwa ndi limene likuuzeni kuti iyi ndi iti.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri nchifukwa chimene mawangawa amabwerera. Mu 2009 gulu la Thomas Kocher ku University of Maryland linalemba mu magazini ya Science kuti mawangawa akuchokera pa jini (kachinthu ka mthupi kotengera kwa makolo) yotchedwa Pax7, ndipo jiniyo imayenda limodzi ndi chimene chimapangitsa nsomba kukhala yaikazi. Yaikazi mawanga amaithandiza, imasowa pa miyala ya mawanga, adani osaiona msanga. Yaimuna nde ayi, iyo imafunika buluu wake wowala uja kuti zazikazi ziizindikire, ikabadwa ya mawanga zimaivuta kupeza mkazi, nchifukwa chake zamphongo za OB nzosowa kwambiri mnyanjamu moti oweta kunja amazilakalaka.

Matenda amaoneka mwina, timadontho toyera tating'ono ngati mchere pa zipsepse ndi pathupi, nsomba nkumadzikhula pamiyala, yofooka. OB imasambira mwamphamvu, imalimbirana chakudya ndi zinzake.

Komanso chenjerani ndi zithunzi za pa Facebook zolembedwa OB peacock. Zokongola inde, koma zimenezo anachita kukweranitsa anthu mmathanki agalasi, Aulonocara (nsomba imene oweta amaitchula peacock) ndi mbuna, mu nyanja ya Malawi simungazipeze olo mutasambira kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay.