Father Christmas anasungunukira ku Darwin

Banja lathu linazolowera Khirisimasi ya ku Glasgow, ku Scotland, kumene mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ukatuluka panja wopanda juzi umabwerako mano ali gobedegobede. Mwambo wathu unali wodziwika: nkhukundembo mu uvuni, makandulo pawindo, kenako ine kutulukira pabalaza nditavala za Father Christmas, matumba atadzaza chokoleti. Ntchito itatisamutsira ku Darwin, kumpoto kwa Australia, ndinalengeza kuti mwambowo ukwera nafe ndege.

Ku Darwin Disembala ndi nyengo yamvula. Masana kumatentha madigiri 33, ndipo chinyezi chake thukuta siliuma, limangokukhala pathupi. Nyanja ili pafupi, koma kuyambira Okutobala mpaka Meyi mumadzaza ma box jellyfish, tizilombo tam'madzi taululu woopsa, osanena za ng'ona zimene zilibe kalendala. Anansi athu, anthu anzeru zawo, anali atagula kale ma prawn, tinyama tam'nyanja tonga nkhanu, oti adye ozizira atakhala pamthunzi.

"Bambo a ana, chaka chino tingodya zozizira ngati anzathuwa," anatero mayi a kunyumba.

Ndinakana. Nkhukundembo inalowa mu uvuni m'mamawa, ndipo pofika masana nyumba yonse inali itapsa kupatula nkhukundemboyo. Makandulo pawindo anali atawerama okha asanayatsidwe n'komwe.

Vuto lina linabwera ndi mwana wathu wamng'ono, yemwe anafunsa kuti Father Christmas alowera pati poti nyumbayi ilibe chumuni. Funso lomveka. Mzindawu unamangidwanso namondwe wa Tracy atausasantha pa Khirisimasi ya 1974, ndipo omangawo ankaganiza za mphepo yamkuntho, osati za nkhalamba yotsikira padenga. Tinapangana ndi mayi kuti ndibisale mushedi yamalata kuseri, iwo akandiimbira foni nditulukire kukhomo lakukhitchini.

Suti ya Father Christmas ija inasokedwera dziko la sinowo. Nsalu yake yokhuthala, nsapato zofika m'mawondo, pilo pamimba, ndevu zathonje zomata ndi guluu. Ndinadzitsekera mushedimo n'kuyamba kudikira. Foni osalira. Ndinamva pambuyo pake kuti uvuni ndi makina oziziritsa m'nyumba zinalimbirana magetsi mpaka swichi yaikulu inagwa, ndipo mayi anali kalikiliki kufunafuna bokosi la magetsi, za mwamuna wawo ataiwaliratu. Ine kumeneko thukuta linali litadzaza m'nsapato, ndikasuntha phazi kumamveka chuwachuwa.

Maso atayamba kuchita chidima ndinangotuluka ndekha. Ndinalowa pabalaza ndili dzandidzandi, ndevu zitamatuka mbali imodzi n'kumalendewera kukhutu. Ndinayesa kuseka mwa Father Christmas, koma pakhosi panatuluka kaphokoso ngati ka mbuzi yotsamwa. Ana anangoti kukamwa yasa. Maso awo sanali pankhope panga, anali pathalauza. Chokoleti ija, imene imasungunuka ngakhale m'dzanja la munthu, inali itayenderera kuchoka m'matumba mpaka m'mawondo.

Wamng'ono uja anakoka siketi ya mayi ake n'kunong'ona mokweza, monga amachitira ana: "Amayi, Father Christmas wadziipitsira."

Nthawi yomweyo magetsi anayaka. Fani yakudenga inazungulira mwamphamvu, ndipo ine, pokweza manja kuti ndifotokoze, ndinaiponyera ndevu zija. Thonje linamwazika chipinda chonse, lina n'kutera pa nkhukundembo yosapsa ija. Ana analumpha n'kumakuwa kuti sinowo yagwa ku Darwin, koma wamkulu anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Adadi, khalani pansi mumwe madzi."

Tinakadya ma prawn kwa anansi, ine nditavala kabudula, thaulo lonyowa lili pamutu. Kumeneko anatiuza kuti anthu ambiri ku Australia amachita Khirisimasi yachiwiri mu Julayi, nthawi yachisanu, n'cholinga choti awotche nyama ndi kuvala majuzi. Mayi a kunyumba anagamula pomwepo kuti suti ija idikire Julayi, ine n'kuvomera mokondwa. Palibe anandiuza kuti chisanucho n'cha kum'mwera, ku Melbourne ndi Sydney. Ku Darwin mu Julayi kumatentha madigiri 30.