Madzi a phiri la Kenya: zimene ndinaphunzira pa nyanja ya Michaelson

Teremu ino mu jogalafe takhala tikuphunzira mmene madzi oundana amasemera mapiri. Aphunzitsi athu sakhulupirira kuti munthu angamvetse zimenezi pongoyang'ana zithunzi za m'buku, choncho tinaberekera zikwama, matenti ndi zakudya n'kukwera phiri la Kenya kudzera njira ya Chogoria, mbali ya kum'mawa. Tinayamba tazoloweretsa thupi m'munsi, kenako n'kukagona pa nyanja ya Michaelson, pamalo okwera mamita pafupifupi 4,000. Kwa ine wokulira kuyang'ana Mulanje, zinandivuta kukhulupirira kuti ndagona pamwamba kuposa Sapitwa ndi mamita pafupifupi 1,000, koma phiri likadali kutsogolo.

Nyanjayi ili m'chigwa cha Gorges, pansi pa thanthwe lalitali lotchedwa The Temple. Apa ndi pamene phunziro linandilowa. Mtsinje ukamakumba chigwa umasiya pansi popapatiza. Chigwa ichi n'chotakasuka pansi, m'mbali mwake muli chiriri ngati makoma, chifukwa chinakumbidwa ndi madzi oundana amene ankatsetsereka pang'onopang'ono atatenga miyala kunsi kwake, n'kumapala thanthwe monga mmene mphero imaperera mawere. Pamene anakumba kwambiri panatsala dzenje, ndipo atasungunuka madzi anadzaza m'dzenjemo. Milu ya miyala imene anaisiya m'njira ikuonekabe, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti tiijambule m'makope dzuwa lisanalowe.

Usiku kunazizira koopsa. Madzi a m'botolo anaundana, ndipo dothi linatukuka ndi timizati ta ayezi, zimene zimazula mbewu zikangomera. N'chifukwa chake zomera za kuno n'zachilendo. Mitengo ya senecio simayoyola masamba ouma, imawasunga pa thunthu kuti aiteteze ku chisanu, ndipo ina pamodzi ndi lobelia imafunga masamba usiku kuphimba nsonga yanthete. Mbira nazo zimadikira dzuwa pamiyala zisanayambe kudya.

Tinadzuka kusanache kulowera ku nsonga ya Point Lenana, mamita 4,985. Mutu unkawawa, mpweya unkaperewera, ndipo otiperekeza ankangoti "pole pole", kutanthauza pang'onopang'ono m'Chiswahili. Anthu amenewa, pamodzi ndi onyamula katundu, amalidziwa phirili kuposa ife a makope, ndipo ankatilozera pamene madzi oundana ankafika kale.

Tili pamwamba tinaona nsonga za Batian ndi Nelion, ndipo kunsi kwathu madzi oundana a Lewis, amene katswiri wa miyala J. W. Gregory anawatcha dzinali pamene anafika pa phirili mu 1893. Anthu akhala akuwayeza kwa nthawi yaitali, ndipo kafukufuku anasonyeza kuti pakati pa 1934 ndi 2010 anachepa ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Zotsala n'zigamba zoyera pakati pa miyala yotuwa. Sikutentha kokha kumene kukuwatha. Chipale chikagwa chochepa, ayezi wakale wodera amakhala poyera, amamwa dzuwa lambiri, ndipo amasungunuka msanga. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ana amene akubadwa lero ku Chogoria mwina adzangozimva kwa agogo awo.

Komabe mfundo imene yandigwira kwambiri ndi ina. Ambiri timaganiza kuti mitsinje ya phirili imadalira madzi oundanawa. Ayi, ndi ochepa kwambiri moti sangadzaze mtsinje. Potsika aphunzitsi anatiimitsa m'madambo a m'phiri, n'kutiuza kuti tiponde ndere. Madzi ankatuluka pansi pa nsapato. Kutsika pang'ono tinalowa m'nsungwi, kenako m'nkhalango yowirira momwe mvula imagwa yambiri. Mmenemu ndi mmene madzi amasungidwa n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Mtsinje wa Nithi wochokera m'chigwa chimene tinagonamo umathera mu Tana, mtsinje wautali kuposa yonse m'dziko la Kenya, umene umayendetsa makina a magetsi pa madamu monga Masinga ndi Kiambere. Madzi oundana akutiuza kuti nyengo yasintha, koma chimene chingaumitse mipopi ndi kuthimitsa magetsi ndi kudula nkhalango.

Apa ndi pamene ndinakumbukira kwathu. Mulanje alibe madzi oundana, koma Ruo ndi Likhubula zimachokera m'menemo, ndipo madzi a Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre. Moto wolusa ndi macheka zatha mikungudza yambiri. Ndasankha kuti kafukufuku wanga wa chaka chomaliza akhale woyeza madzi a timitsinje ta m'phirimo, kuyerekeza malo amene mitengo ilipo ndi malo amene inadulidwa. Aphunzitsi avomera, bola ndipeze zoyezera mvula komanso munthu wa komweko woti tizikwera limodzi m'dzinja ndi m'chilimwe momwe.