Mwezi wachitatu wojambula gitala ya heavy metal: kusankha maikolofoni

Papita milungu isanu ndi umodzi chilembereni za kachipinda kanga kojambuliramo nyimbo kuno ku Chilomoni, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi maikolofoni yoika kutsogolo kwa sipika ya gitala. Ndinkaganiza kuti ntchito yaikulu inatha tsiku limene ndinapeza ampulifaya yotulutsa mawu aukali amene heavy metal imafuna, koma nditamvetsera zimene ndinajambula koyamba ndinagwira njakata, chifukwa gitala imene m'chipinda inkanjenjemeretsa magalasi a mawindo, m'kompyuta inkangomveka ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini.

Kulakwa koyamba kunali kwanga. Aliyense wojambula gitala yamagetsi amatchula Shure SM57, maikolofoni imene inayamba kupangidwa mu 1965 ndipo mpaka lero sisowa m'masitudiyo, choncho nditaiona m'sitolo ina ku Limbe pamtengo wotsika modabwitsa sindinafunse zambiri. Bokosi lake linali lokongola ndipo dzina linalembedwa bwinobwino, koma mawu ake anali opyapyala ndi olasa m'makutu. Nditaiika pa sikelo imene akazi anga amayezera ufa wa zitumbuwa, inaperewera kwambiri pa magalamu 284 amene SM57 yeniyeni imalemera, ndipo ndinavomereza kuti ndagula yachinyengo. Yeniyeni anandibweretsera msuweni wanga pobwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, ndipo yabodzayo tsopano amaimbira ana pa masewera awo.

Nditaigwiritsa ntchito kwa masiku angapo ndinamvetsa chimene SM57 imakondedwera. Ndi ya mtundu wa dynamic, kutanthauza kuti siifuna magetsi apadera a mavoti 48 amene maikolofoni za condenser zimafuna, ndiponso siivutika ngakhale itagundana ndi sipika yolira mwamphamvu. Imamva mawu kuyambira pa 40 Hz mpaka 15 kHz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu, ndipo kHz imodzi ndi ma Hz 1,000), imachepetsa mawu apansi kwambiri, ndipo imakweza pang'ono chigawo cha 5 kHz ndi 6 kHz, pamene pamamvekera kukhadzula kwa piki, kapulasitiki koimbira gitala, pa nsambo. Poyamba ndinkadandaula kuti ikundibera kulemera kwa gitala, pakuti nsambo yanga yaikulu ndimaitsitsa kuchoka pa E, amene ali pa 82 Hz, kufika pa C, amene ali pa 65 Hz. Nditaphatikiza gitalayo ndi besi komanso ng'oma ndinaona kuti malo apansiwo ali ndi eni ake kale, ndipo gitala ikawalowerera nyimbo yonse imasanduka phala. Ubwino wina ndi wakuti imamva kwambiri zakutsogolo n'kukana zakumbuyo, zimene n'zofunika kwa munthu wojambulira m'nyumba ya malata yopanda siling'i, momwe tambala wa aneba amaloweramo ngati mwini wake.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali, komanso chimene chasintha mawu kuposa china chilichonse, ndi malo oimikapo maikolofoniyo. Bokosi langa lili ndi sipika imodzi ya mainchesi 12, ya Celestion Vintage 30, ndipo nsalu yakutsogolo kwake ndi yakuda moti mkati simuoneka. Ndinawalitsa tochi ya foni pansaluyo mpaka ndinaona kachivindikiro kozungulira kamene kali pakati pa sipika, kenako ndinamata tizidutswa ta selotepi ya pepala m'malo asanu, kuyambira pakati penipeni mpaka m'mphepete, ndi kulemba manambala pa kalikonse. Kuti kaimbidwe kanga kasasokoneze mayesowo, ndinajambula kachigawo kamodzi ka nyimbo m'kachipangizo kobwereza mawu, ndipo kankangozungulira kokha ine ndili chogwada, mahedifoni kumutu, ndikusuntha maikolofoni pang'onopang'ono.

Pakati penipeni mawu anali akuthwa ndi odzaza kuwayawaya kokhala ngati kwa mafuta otentha m'chiwaya cha tchipisi. M'mphepete kuwayawayako kunatheratu, koma gitala inkamveka ngati yafunditsidwa bulangete, ndipo manotsi othamanga ankasakanikirana osadziwika poyambira. Malo amene anandikhutiritsa ndi pamene kachivindikiro kaja kamalumikizana ndi pepala la sipika, ndipo ndinadabwa kuona kuti kusuntha kofanana ndi kukula kwa chala chimodzi kunkasintha mawu kuposa mmene mabatani onse a ampulifaya amasinthira. Mtunda nawo uli ndi nkhani yake. Maikolofoni zomva mbali imodzi zimachulukitsa mawu apansi zikayandikira kwambiri gwero la mawu, choncho pamene ndinaigunditsa pansalu, manotsi aja oimba dzanja litapanikiza nsambo ankagunda ngati munsi mumtondo mpaka kumiza zina zonse. Nditaibweza m'mbuyo ndi zala ziwiri, kugundako kunatsala koma kunakhala kwaukhondo.

Ndili mkati mwa mayesowa, bambo eni nyumba anagogoda pakhomo ndi nkhope yachisoni, nati, "Achimwene, sipika yanuyo yang'ambika, bwanji osakaikonzetsa ku Ndirande musanaiwonongeretu?" Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mawuwo ndimawafuna dala, ndipo anachoka akupukusa mutu, titagwirizana kuti ndizisiya ikamakwana 6 koloko madzulo.

Mlungu wachinayi ndinabwereka Sennheiser MD 421 kwa mnzanga amene amayang'anira zokuzira mawu kutchalitchi kwawo. Maikolofoni imeneyi inatuluka mu 1960, ili ndi kabatani ka malo asanu kochepetsera mawu apansi, ndipo payokha inandipatsa gitala yonenepa kuposa SM57, ngakhale kuti chogwirizira chake chimamasuka mosavuta moti kawiri konse ndinachita kuiwakha isanagwe pasimenti. Ndinkayembekezera kuti ndikaphatikiza ziwirizi ndipeza kuthwa kwa ina ndi kunenepa kwa inzake, koma zimene zinatuluka zinali mawu a mphako, ngati munthu akuimbira mu paipi. Chifukwa chake ndi masamu osavuta. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye ngati maikolofoni ina ili kutali ndi masentimita 3 kuposa inzake, mawu amafika mochedwerapo, ndipo pophatikiza amafafanizana cha pa 5.7 kHz, pomwe pali moyo wa gitala. Ine ndinali nditalinganiza mitu ya maikolofonizo poyang'ana kunja, osaganizira kuti tizigawo tomva mawu tili mkati pa mitunda yosiyana.

Njira imene inandipulumutsa ndi yotembenuza polarity ya maikolofoni imodzi m'kompyuta (kutanthauza kutembenuza funde la mawu ake chadodolido kuti lizifafanizana ndi la inzake), kukweza ampulifaya popanda kuimba kuti pazingomveka kuwayawaya kwake, kenako kusuntha MD 421 mpaka phokosolo litachepa kwambiri m'mahedifoni. Pamalo amenewo ndinabweza polarity ija mwakale, ndipo maikolofoni ziwirizo zinayamba kuthandizana. Mawu anakomadi, koma ndinene chilungamo kuti kusiyana kwake ndi SM57 yokha yoimikidwa bwino kunali kochepa, ndipo gitala itasakanizidwa ndi ng'oma akazi anga sanathe kusiyanitsa. Pachifukwa chimenechi ndabweza maikolofoni ya eni ake ndipo ndasiya maganizo ogula yangayanga.

Za mitundu ina ndidutsapo mwachangu. Condenser yotchipa imene ndimajambulira mawu apakamwa inatola kuwayawaya konse pamodzi ndi kulira kwa makoma. Maikolofoni za ribbon monga Royer R-121, imene inatuluka mu 1998, zimatamandidwa chifukwa chofewetsa mawu akuthwa, koma mtengo wake ndi wa lendi ya miyezi yambiri, komanso zimamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, kutanthauza kuti m'chipinda changa cha njerwa ndi malata zikanangojambula zolakwika za chipindacho.

Zinthu zina ziwiri zathandiza ngakhale kuti si za maikolofoni mwachindunji. Ndinatsitsa gain ya ampulifaya, batani loonjezera ukali wa mawu, kuchoka pa 8 kufika pa 5, chifukwa mawu amene amakoma munthu ali chiimire m'chipinda amakhala osokonekera akafika m'maikolofoni, ndipo ndinaimba chigawo chilichonse kawiri, china n'kuchiika kumanzere china kumanja, zimene zinabweretsa kukula kumene ndinkakufuna kwa mabatani. Panalinso kung'ung'udza kosalekeza kwa 50 Hz, komwe ndi liwiro la magetsi athu kuno, ndipo kunachepa nditachotsa ampulifaya pa soketi imene inkagawana ndi filiji komanso nditasiyanitsa nthambo ya maikolofoni ndi nthambo zamagetsi.

Chotsatira ndi njira ya Fredrik Nordström wa situdiyo ya Fredman ku Gothenburg m'dziko la Sweden, imene magulu ambiri a metal akumeneko anajambulirako. Iye amagwiritsa ntchito ma SM57 awiri oyandikizana mitu, ina yoloza sipika mwachindunji ndipo ina yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 55, kuti kufafanizana kumene kunandisautsa kuja kugwire ntchito yochotsa kuwayawaya. Mnzanga uja walonjeza kundibwereka SM57 yachiwiri Loweruka likubwerali, malinga ndikaibweze Lamlungu m'mamawa mapemphero asanayambe. Selotepi ya nambala 3, ya malo amene anandikhutiritsa aja, ndaisiya pomwepo pansalu ya sipika, ndipo ana ndawauza kuti asaimatule.