Matabwa pakhonde, chulu kuseri

Loweruka. Ndadzuka kusanayere bwinobwino, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno ku Kasungu likangotuluka silimvera za munthu. Cholinga chinali choti pofika 10 koloko ntchito ya pakhonde ikhale itatha. Pano ndikulemba kunja kutada, ndipo siinathe.

Nyumba tikukhalayi ndi ya lendi. Simenti ya pakhonde inang'aluka kuyambira pakhomo mpaka pa sitepe, moti mayi a kunyumba anatopa kupaka polishi wofiira pamalo poti ukakolopa pamatuluka mchenga. Alandilodi analonjeza zokonza kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chichokereni apo tikakumana nkhani imangokhala mtengo wa thumba la simenti. Sindikuwada. Koma inenso kumata matayilosi enieni m'nyumba ya eni sindingayerekeze, tsiku losamuka sungawazule. N'chifukwa chake alamu anga a ku Joni atanditumizira chithunzi pa WhatsApp cha matayilosi amatabwa ongolumikiza, osafuna simenti kapena msomali, ndinangoti tumizani. Makatoni 7 anafika sabata yatha pamodzi ndi katundu wa anthu ena, ine n'kukawatenga kudepoti ndi makabaza awiri.

Limodzi ndi masentimita 30 mbali zonse. Pamwamba pali timatabwa topyapyala tosiya mipata, kunsi kuli pulasitiki wakuda wa timabowo ndi timiyendo tating'ono, kuti madzi azidutsa pansi thabwa osakhudza simenti. Mbali ziwiri zili ndi timakutu, ziwiri zinazo timano. Ukalowetsa mano m'makutu n'kuponda ndi chidendene, limangoti khaa, basi lagwira. Pakatoni analemba kuti ndi mtengo wa acacia wa ku Vietnam. Ndiye kuti ndi mbale wake wa mthethe wathu uja, womwe ife timangoudziwa ndi minga.

Mng'alu ndinautseka Lachitatu, simenti mbale imodzi mchenga mbale zitatu, kotero lero inali yongosesa ndi kuyala. Ndinayambira kunja kumene alendo amaona, kuti zoduladula zikathere kukhoma. Ndimayala limodzi chopingasa, linzake choongoka, ndipo mizere iwiri itatha panayamba kuoneka ngati nsengwa yolukidwa bwino. Mwana wathu wamkulu, wa sitandade 3, anadzilemba yekha ntchito yoponda. Ine ndikalowetsa, iye n'kudumphirapo.

Amayi anabwera Lachinayi kuchokera ku Santhe kudzaona kamdzukulu kawo kokwawa. Anakhala pachitsa ndi kapu ya tiyi, kutiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anati, "Kodi bambo, matabwa mukuyala pansiwa, chiswe mwachiuza kuti chisabwere?"

Ndinawafotokozera za pulasitiki, kuti thabwa silikhudza pansi. Iwo anangoloza ndi mlomo kuseri kwa nyumba komwe kuli chulu. Pamenepa amayi sanalakwe, ngakhale pamaso pawo sindinavomere. Chiswe sichifuna kuti thabwa ligone padothi. Chimatulukira mumng'alu, n'kumanga kanjira kadothi kokwera mpaka chipeze chakudya, ndipo chimakonda malo amdima achinyezi, ndendende ngati kunsi kwa matayilosi angawa mvula ikayamba. Ngumbi zomwe timakazinga mvula yoyamba ikagwa zimachokera m'banja lomwelo. Mwayi wanga ndi woti awa amazuka. Ndadziuza kuti mwezi uliwonse ndizinyamula mzere wa kukhoma n'kuona ngati pali dothi lachilendo. Ndalemba pano dala kuti Januwale akafika ndidzachite manyazi ndikadzaiwala.

Cha m'ma 9 koloko katoni yomaliza inatha khonde lisanathe. Mzere wonse wa kukhoma, kuphatikizapo malo a awiri pakona, simenti ili mbee. Mlandu ndi wanga. Tsiku lomwe alamu anafunsa kukula kwa khonde ndinali ndilibe tepi, ndiye ndinayeza ndi mapazi foni ili kukhutu. Lero nditabwereka tepi kwa aneba ndapeza mamita 3.6 mulitali ndi 2.1 mulifupi, kutanthauza mizere 7 ya matayilosi 12, onse pamodzi 84. Ine ndinaitanitsa 70. Mayi a kunyumba sananene kanthu, anangoseka kamodzi n'kulowa m'nyumba, zomwe zinandiwawa kuposa akanandinena.

Kuitanitsanso ku Joni makatoni awiri okha n'kusewera ndi ndalama ya transipoti. Ndinatenga limodzi m'jumbo n'kupita kwa akalipentala ena pafupi ndi msika, bambo achikulire omwe anatikhomera bedi. Analitembenuza kangapo, kulikanda ndi chikhadabo, kulinunkhiza.

"Zimenezi mpaka kuchokera kunja, achimwene? Zidutswa ngati izi ife anyamata amasonkhera moto."

Analoza mulu wa zotsala za paini wa ku Chikangawa, yemwe amatsika ndi malole mumsewu wa M1. Anati akhoza kukhoma timatabwa pa timipiringidzo tiwiri kunsi, msinkhu wofanana ndi akunjawo kuti munthu asamapunthwe. Koma sanandinamize. Paini, anatero, ndi ndiwo ya chiswe, ndipo akanyowa sachedwa kuola. Mlombwa ndiye sagonja, koma mtengo wake ndikanangogula simenti. Bulugama amang'aluka akamauma. Mankhwala awo ndi oyilo wakutha wa galimoto, yemwe amapaka mitengo ya zigafa ndi makola. Ndinakana. Pakhonde pamakwawa mwana yemwe chilichonse amaika m'kamwa. Tinagwirizana kuti kunsi kokha apake Solignum, mankhwala oteteza matabwa ku chiswe, pamwamba vanishi, ndipo ziume masiku angapo kwawo komweko, osati kwathu.

Anaumirira kubwera kudzayeza okha, ati tepi ya munthu amene amayeza ndi mapazi saikhulupirira. Anabwera panjinga dzuwa lili paliwombo, pensulo ili kukhutu. Apa ndi pomwe tinadziwa kuti khondelo si lowongoka: mbali ya kumsewu 2.1, mbali ya kubafa 2.04. Amene anamanga nyumbayi nayenso amayeza ngati ine. Akanakhala kuti matayilosi anakwana, bwenzi ndikuwacheka ndi sowo limodzilimodzi, pulasitiki ndi thabwa lomwe. Tsopano akalipentala angokhoma mzerewo mochepera mbali imodzi. Anandiuzanso kuti ndisiye mpata wa chala chimodzi pakhoma, chifukwa thabwa likamwa chinyezi cha dzinja limafufuma, ndipo likasowa kopita limatukuka pakati.

Madzulo ndinayesa zomwe ndinagulira zinthuzi. Ndinaima opanda nsapato phazi lina pasimenti, lina pathabwa. Simenti imaotcha ngati chiwaya, thabwa linali lofunda chabe. Ndinathira ndowa ya madzi, onse analowa m'mipata n'kukatulukira pa sitepe. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone. Iwo anaona, n'kundifunsa kuti nanga mbaula aziika pati. Funso limenelo sindinaliganizirepo n'komwe. Khala limodzi lamoto likagwa limadetsa thabwa n'kusungunula pulasitiki kunsi. Mbaula yasamukira pabwalo, pa njerwa zinayi, ndipo mvula ikayamba nkhaniyi idzabweranso, ndikudziwa.

Chinanso ndi mipata ija. Kamwana kapeza masewera atsopano, kakutenga mtedza wa agogo ake n'kumaponya m'mipatamo umodziumodzi, kenako kusuzumira. Tsache silifikamo. Nyerere zafika kale.

Magetsi anazima tikudya. Tinatuluka tonse kukakhala pakhonde chifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni. Amayi anayendapo pang'onopang'ono ndi mapazi awo osweka ndi khasu, kuchoka uku kufika uko, akumvetsera kulira kwake. Anati kale iwo khonde ankazira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kulikwecha ndi mwala mpaka kuwala, ndipo palibe anaitanitsa kanthu ku Joni. Kenako analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mphasa yawo, n'kuiyala pamwamba pa matayilosi anga onse a ku Vietnam aja.

"Akubaya m'matako," anatero, n'kukhala pansi.

Akalipentala ati mzere wotsalawo ndikatenge Lachitatu.