Ku Val-de-Grâce, kwa madokotala a Napoleon

Ukatsika sitima pa Port-Royal mumzinda wa Paris, Val-de-Grâce si patali, umangoyenda wapansi. Tchalitchi chake anachimangitsa mfumukazi ya France, Anne wa ku Austria, pothokoza Mulungu atabereka Louis XIV mu 1638, ndipo ufumu utagwa, m'zaka za m'ma 1790, malowa anasanduka chipatala cha asilikali. Lero kuli nyumba yosungiramo zakale za madokotala a kunkhondo. Ine monga namwino, ndi imene inandikokera kumeneko.

Pabwalo pali chipilala cha Dominique-Jean Larrey, dokotala wa opaleshoni amene anatsatira Napoleon, mkulu wankhondo amene anadzakhala mfumu ya France, ku Egypt, ku Russia mpaka ku Waterloo. M'kati ndinaima nthawi yaitali pa mabokosi a mipeni ndi macheka. Kumbukirani kuti mankhwala ogonetsa munthu pa opaleshoni anayamba mu 1846, Larrey atamwalira kale mu 1842. Msilikali ankadulidwa mwendo ali maso, anzake atamupanikiza, ndiye chifundo cha dokotala chinali liwiro la manja ake. Pankhondo ya ku Borodino, ku Russia, mu 1812 akuti anadula manja ndi miyendo pafupifupi 200 usana ndi usiku umodzi.

Komabe chimene chimandimanga mtima si machekawo. Kale ovulala ankasiyidwa pabwalo la nkhondo mpaka kumenyana kutatha, ambiri n'kufera pomwepo magazi atatha. Larrey anakonza ngolo zopepuka za akavalo zokawatola zipolopolo zikulirabe, ndipo ku Egypt anamangirira madengu pa ngamila. Analamulanso kuti woyamba kuthandizidwa akhale wovulala kwambiri, kaya ndi mkulu wankhondo, msilikali wamba, ngakhale mdani. Ife timachita zomwezi m'mawa uliwonse pamzere wa odwala, kutsogoza mwana amene akubanika, ndipo ndikudziwa kulimba mtima kumene kumafunika pouza bwana kuti adikire.

Kunyumba yachifumu zinali zina. Jean-Nicolas Corvisart, dokotala wamkulu wa Napoleon, ankasamalira banja la mfumu, koma naye anatisiyira kanthu: mu 1808 anafalitsa njira ya Auenbrugger, dokotala wa ku Austria, yogogoda pachifuwa ndi zala kuti umve ngati muli madzi. Ndimamulemekeza, ngakhale mtima wanga uli kwa uja wa m'matope.

Ku Waterloo mu 1815 asilikali a Prussia, adani a Napoleon, anamugwira Larrey, ndipo anatsala pang'ono kumuwombera. Dokotala wina wa mbali yawo amene anaphunzirapo kwa iye anamuzindikira, ndipo Blücher, mkulu wa asilikali a Prussia, anamumasula, chifukwa Larrey anapulumutsapo mwana wa Blücher atavulala n'kugwidwa ndi Afalansa. Napoleon anamusiyira mafaranga 100,000 mu wilo yake. Mafupa a Larrey anawasamutsira ku Les Invalides, kumene kuli manda a Napoleon, mu 1992, ndipo ine nditachoka ku Val-de-Grâce madzulo ndinakwera basi kupita kumeneko.