Chifukwa chake ndimasankhira kavalo cham'kamwa chopanda mikono yaitali

Kavalo akayamba kuuma pakamwa, ndiye kuti sakuima msanga pamene wokwera wakoka zingwe, anthu ambiri amathamangira kukagula chitsulo cham'kamwa champhamvu kuposa chimene anali nacho. Tsiku loyamba kavaloyo amaimadi, ndipo mwini wake amakhulupirira kuti vuto latha. Ine ndimaona kuti vutolo limangobisala, chifukwa chimene chinasowa sichinali mphamvu ya chitsulo ayi, koma kavaloyo sanaphunzitsidwe mokwanira kuti akamva kukoka pang'ono azigonja, ndiponso kuti akagonja dzanja la wokwera limamasuka nthawi yomweyo.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kuyang'ana kaye m'kamwa mwa kavalo. Pakati pa mano akutsogolo ndi mano otafunira pali mpata wopanda mano, ndipo pamenepo ndi pamene chitsulo chimakhala. Mukapisa chala pampatapo mudzamva kuti fupa la nsagwada yam'munsi lili pafupi kwambiri, langokutidwa ndi kanyama kopyapyala, ndipo mwa akavalo ena fupalo ndi lakuthwa ndithu m'mphepete mwake. Lilime limadzaza pafupifupi malo onse otsala. Choncho chilichonse chimene dzanja lanu lachita chimafika pa lilime, pa nkhama zimenezi ndi m'makona a milomo, malo amene amamva kupweteka msanga.

Cham'kamwa chotchedwa snaffle chilibe mikono. Zingwe zimamangidwa pa mphete zimene zili molunjika ndi chitsulo cham'kamwacho, kotero kuti mukakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 2, kavalo amamva pafupifupi makilogalamu 2 omwewo. Chotchedwa curb n'chosiyana. Chili ndi mkono kumbali iliyonse: gawo lalifupi limakwera pamwamba pa chitsulo kukagwira lamba wa kumutu, gawo lalitali limatsikira pansi kukagwira zingwe, ndipo kuseri kwa chibwano kumadutsa katcheni kapena kalamba. Mukakoka zingwe, mkonowo umazungulira, katcheni kamamanga chibwano, chitsulo chimapanikiza lilime ndi nkhama, ndipo lamba wa kumutu amakanikizanso kuseri kwa makutu. Zimagwira ntchito ngati sipanala: mukaitalikitsa ndi paipi, nati imene inakukanikani imamasuka popanda inu kuwonjezera mphamvu. Ngati gawo lapamwamba ndi masentimita 5 ndipo lapansi ndi masentimita 10, makilogalamu 2 a m'dzanja lanu amasanduka pafupifupi 4 pa katcheni, ndipo m'kamwa mumafika ochuluka kuposa pamenepo. Wokwera samva zimenezi, iye amangoona ngati wagwira mopepuka.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga yaikulu. Kavalo wamng'ono amaphunzira pomva kusiyana kwa kukoka ndi kumasula, ndipo amafunika kumva chingwe chimodzi pachokha: chakumanzere chikakokedwa apinde khosi kumanzere, chakumanja chikakokedwa apinde kumanja. Snaffle imapereka uthenga umenewu momveka bwino, chifukwa mbali iliyonse imagwira ntchito payokha. Chitsulo cha mikono sichinapangidwire zimenezi. Mukakoka chingwe chimodzi chokha, mkono wapansi umabwera kwa inu pamene gawo lapamwamba limakankha tsaya la kavalo, ndiye kavaloyo amalandira mauthenga awiri otsutsana. Akasokonezeka amayamba kugwedeza mutu, kutsegula kukamwa, kapena kupinda khosi mpaka chibwano chake kuyandikira pachifuwa pofuna kuthawa ululu, ndipo anthu ena amaona kupindako ngati kukongola.

Chimene chimanyenga ogula ambiri ndi chitsulo chimene okwera a ku America amachitcha Tom Thumb. Pakati pake n'cholumikiza ngati snaffle, motero masitolo ena amachigulitsa pa dzina la snaffle, komatu chili ndi mikono ndi katcheni. Chilichonse chimene zingwe zake zimamangidwa m'munsi mwa chitsulo cham'kamwa chimachulukitsa mphamvu, kaya pa pepala lake palembedwa dzina lotani.

Ngakhale mabungwe oyendetsa mipikisano anaika malire pa zimenezi. Malamulo a FEI, bungwe loyang'anira mipikisano ya akavalo pa dziko lonse, pa masewero a dressage (oonetsa mmene kavalo amamverera wokwera) salola mkono wa curb kupitirira masentimita 10 m'munsi mwa chitsulo cham'kamwa. Bungwe la American Quarter Horse Association limalola akavalo a zaka 5 kapena zocheperapo kupikisana atavala snaffle kapena chapamphuno chopanda chitsulo, wokwera atagwira zingwe ndi manja awiri. Oweta ng'ombe akale a ku California, otchedwa vaquero, ankagwiritsa ntchito chitsulo cholemera kwambiri chotchedwa spade, koma kavalo ankafika pochivala patapita zaka zingapo akuphunzitsidwa ndi chapamphuno, kenako ndi zingwe ziwiriziwiri, za chapamphuno ndi za chitsulo pamodzi, mpaka atafika pomamvera kugwedezeka chabe kwa chingwe. Kwa iwo chitsulo champhamvu chinali cha kavalo amene watsiriza maphunziro, pamene ife lero timachipereka kwa kavalo amene maphunziro amukanika.

Sindikunena kuti snaffle iliyonse ndi yofatsa. Pali zina zopangidwa ndi waya wopota, zopyapyala moti zimacheka milomo, ndipo dzanja lolemera likhoza kuvulaza kavalo ngakhale ndi chitsulo chosalala. Snaffle yolumikiza pamalo amodzi pakati imapindika ikakokedwa mwamphamvu n'kutsina lilime ndi nkhama, n'chifukwa chake akavalo ambiri amakhazikika bwino ndi yolumikiza pawiri, imene pakati pake pamakhala kachitsulo kakang'ono kobulungira kapena kafulati, monga French link. Ku Finland ochita kafukufuku anayeza akavalo 261 okoka ngolo za mpikisano atangomaliza kuthamanga, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2019 zinaonetsa kuti 84 mwa 100 alionse anali ndi mabala kapena mikwingwirima pamalo pokhala chitsulo. Kafukufuku wina wa komweko, wa mu 2021, anapeza zofananazo mwa akavalo oposa theka a mpikisano wa eventing (wophatikiza dressage, kudumpha zotchinga ndi kuthamanga m'tchire), ndipo anaonetsanso kuti zitsulo zopyapyala kwambiri ndi zonenepa kwambiri zinkavulaza kuposa zapakatikati, za mamilimita 14 mpaka 17. Mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa ambirife tinaphunzitsidwa kuti chitsulo chonenepa ndiye chachifundo, osaganizira kuti m'kamwa mwa akavalo ambiri mulibe malo okwanira. Ku Iceland nako, kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti curb yokhala ndi kankhoti pakati ndi imene inkachititsa kwambiri mabala a pa nkhama za nsagwada yam'munsi, ndipo chitsulo chimenechi chinaletsedwa m'mipikisano ya m'dzikomo.

Posankha, ine ndimayambira kwa dokotala wa ziweto, osati kusitolo. Pakati pa zaka ziwiri ndi theka ndi zaka zinayi ndi theka kavalo amakhala akugulula mano, ndipo imeneyi ndi nthawi yomweyo imene ambiri amayamba kukweredwa. Ena amakhalanso ndi timano ting'onoting'ono patsogolo pa mano otafunira, timene chitsulo chikatigunda timapweteka, ndipo nthawi zambiri madokotala amatizula. Kavalo amene akulimbana ndi zingwe akhoza kukhala kuti akumva dzino, kapena chishalo chikumutsina msana.

Mano akakhala bwino, ndimayamba ndi snaffle yosalala, yolumikiza pawiri, ya kunenepa kwapakatikati. Kwa kavalo wongoyamba kumene ndimakonda ya mphete zosasuntha, monga eggbutt, D-ring kapena full cheek, chifukwa imakhazikika m'kamwa, sitsina milomo, ndipo mbali zake zimathandiza kukankha tsaya pokhota. Ya mphete zosuntha ndi yabwino kwa kavalo amene amakonda kutsamira pachitsulo, popeza simupatsa poti agwirepo, koma iyenera kutalikirapo pang'ono kuti mabowo ake asatsine khungu. Chitsulo chizituluka pafupifupi theka la sentimita kumbali iliyonse ya milomo. Chikafupika chimapana, chikatalika chimasereruka uku ndi uku.

Ilipo nthawi imene mkono waufupi umathandiza, ndipo sindingakane. Mwana amene wakwera kavalo wamphamvu panja pa khola, kapena munthu amene akudumphitsa kavalo wothamanga kwambiri m'tchire, angafunike Kimblewick kapena Pelham ya mikono yaifupi, zitsulo zokhala ndi katcheni ngati curb, kuti asavulale. Komabe dziwani kuti mkono waufupi, ngakhale suchulukitsa mphamvu kwambiri, umagwira mofulumira, pamene wautali umayenda kaye katcheni kasanamange. Ndiye kufupika kokha sikukupatsani ufulu wokoka mwadzidzidzi. Katcheni kazikhala kogona bwino kosapotoka, kolola zala ziwiri kulowa pakati pake ndi chibwano, ndipo kaziyamba kugwira pamene mkono wazungulira pafupifupi madigiri 45. Pelham ndi bwino kuigwiritsa ntchito ndi zingwe ziwiriziwiri, kuti ulendo wonse muziyendetsa kavalo ndi chingwe chapamwamba chimene chimagwira ngati snaffle, chapansicho n'kumachikhudza pokhapokha pakafunika. Mukatsika, kwezani milomo ya kavalo ndi chala n'kuyang'ana m'makona, m'kati mwa masaya ndi pa nkhama. Mukapeza pofiira kapena potupa, mupumitseni ku chitsulo mpaka papole, ndipo masiku amenewo mumuphunzitse ali pansi ndi chapamutu chabe.